Chakudza Sichiimba Ng'oma: Mlandu wa Tony Soprano

Pa 10 Juni 2007, anthu oposa 11 miliyoni ku America adakhala pansi kuti aonere chigawo chotsiriza cha seŵero la pa wailesi ya kanema lotchedwa The Sopranos, limene kampani ya HBO idakhala ikuonetsa kuyambira mu Januwale 1999. Mwini nkhani, Tony Soprano, mkulu wa gulu la zigaŵenga za Mafia ku New Jersey, ali m'nyumba yodyeramo ya Holsten's, m'tauni ya Bloomfield, akudikira banja lake. Mkazi wake Carmela waloŵa. Mwana wake wamwamuna, A.J., waloŵa. Mwana wamkazi, Meadow, akali panja, akulimbana ndi kuimika galimoto. Munthu wina wachilendo, amene wakhala akumponyera maso Tony, wanyamuka kupita ku chimbudzi. Meadow waoloka mseu chothamanga, belu la pa chitseko lalira, Tony wakweza maso, ndipo pomwepo chithunzi changoti bii, nyimbo yangoti zii. Mdimawo udatenga masekondi ngati khumi, mwakuti ambiri adayesa kuti makina ao aonongeka. Koma ai, seŵero la zigawo 86 lidathera pamenepo.

Kuyambira usiku umenewo anthu sadaleke kutsutsana. Ena akuti Tony adaphedwa, ena akuti adapitiriza kudya mgonero wake. Ena akuti anali chilombo, ena akuti anali munthu wovulala mumtima amene adabadwira malo oipa. Ife amene ntchito yathu ndi yosamala mizimu, mkanganowu sitingaupeputse ngati macheza a anthu osoŵa chochita, pakuti David Chase, amene adayambitsa seŵeroli, adaika nkhani yake pakati pa Akatolika: muli ansembe, muli Sakramenti la Kulapa, muli maliro a m'tchalitchi osaŵerengeka. Chimene tikufuna kuonetsa pano nchakuti funso lakuti "kodi adafa?" ndi laling'ono, ndipo lili ndi yankho lomveka ndithu. Lolemera ndi lina: zidatheka bwanji kuti munthu amene adachenjezedwa kambirimbiri, nadzidziŵa bwino chotere, adafika pa tebulo lotsirizalo osatembenuka mtima?

Tiyambe ndi laling'onolo. Amene amati Tony adaphedwa ali ndi mboni zokwanira. M'nyumba yodyeramo muja, nthaŵi iliyonse belu likalira, timaona nkhope ya Tony, kenaka timaona chimene iyeyo akuona pa khomo. Belu lotsiriza litalira taona nkhope yake, ndipo chotsatira ndi mdima. Ndiye kuti mdimawo ndi chimene Tony akuona. Zigawo zingapo m'mbuyomo, mlamu wake Bobby Baccalieri adaamuuza ali m'bwato pa nyanja kuti imfa yotere ikamadza mwina munthu saimva nkomwe, ndipo mau ameneŵa adabwerezedwa dala m'chigawo chotsatana ndi chomaliza, Bobby mwini wake ataphedwa. Mlendo wopita ku chimbudzi uja akukumbutsa kanema wa The Godfather wa mu 1972, m'mene Michael Corleone adatuluka m'chimbudzi ndi mfuti. Ngakhale Chase, pocheza ndi olemba buku lina la za seŵeroli lotuluka mu 2019, adaphonyetsa lilime natchula chochitikacho kuti ndi cha imfa, ngakhale adayesa kubweza mau pambuyo pake. Tsono ife tikuganiza kuti Tony adafa. Koma nkhani siikadasintha kwenikweni akadapulumuka usiku umenewo, chifukwa loya wake anali atamuuza kale kuti mmodzi mwa anthu ake, Carlo Gervasi, wayamba kuulula zinsinsi ku boma ndipo mlandu uli pa khomo. Tony mwini adaanenapo kale kuti munthu wa ntchito yake mathero ake ndi manda kapena ndende.

Za khalidwe lake ndiye zofunika kudekha nazo, chifukwa omuikira kumbuyo sanena zopusa. Amatikumbutsa za mai wake, Livia, mkazi wa mtima wouma amene sadathokozepo kanthu, ndipo adafika pogwirizana ndi Junior, mbale wa bambo wa Tony, kuti mwana wake yemwe aphedwe. Amatikumbutsa kuti Tony ali ndi zaka 11 adaona bambo wake akudula chala cha mwini butchala chifukwa cha ngongole ya juga, ndipo madzulo ake adakomoka poona nyama ya ku butchala komweko ikudulidwa pa tebulo. Matenda okomoka ndi mantha ameneŵa ndiwo adamfikitsa kwa Dr. Jennifer Melfi, dokotala wa za maganizo, amene adacheza naye kuyambira chigawo choyamba mpaka chotsatana ndi chomaliza. Munthu ameneyu adalira abakha atachoka pa dziŵe lake losambiramo. Adalumphira m'dziŵe lomwelo ndi zovala kukavuula A.J. pamene mnyamatayo adafuna kudzipha, namfungatira ngati khanda. James Gandolfini, amene adaseŵera Tony (adamwalira ku Roma mu 2013), adampatsa maso achisoni ndi kaseko ka mwana, kotero kuti woonera amapezeka akumkonda asanafunse chilolezo kwa chikumbumtima chake.

Zonsezi nzoona, ndipo wansembe aliyense amene adakhalapo m'kanyumba kolapitsira amadziŵa kuti mantha, chizoloŵezi ndi maleredwe oipa zimachepetsa mlandu wa munthu; Katekisimu wa Eklezia Katolika amavomereza zimenezi. Koma kuchepetsa mlandu si kuufafaniza. Seŵero lomwelo likuonetsa kuti panali njira ina: mlongo wake wamng'ono, Barbara, adakulira m'nyumba yomweyo, nachokamo, nakakhala moyo wamba. Chikondi cha Tony pa nyama ndi ana aang'ono nachonso tichiyang'ane bwino. Mu 2002 adapha Ralph Cifaretto ndi manja pomkayikira kuti adaotcha khola m'mene mudafera kavalo wake. Koma Ralph yemweyo adaapha mtsikana wa zaka 20, Tracee, ali ndi pathupi, ndipo Tony, ngakhale adammenya ndi ukali usiku umenewo, pambuyo pake adamkweza pa udindo poti ankabweretsa ndalama zambiri. Chifundo chotere sichimlipitsa kanthu mwini wake. Kavalo sadandaula, safunsa kumene kwachokera ndalama, sachitira umboni ku bwalo la milandu.

Tony ali ndi kadziteteza kake, ndipo adakafotokoza momveka m'chigawo cha mu 2000 chotchedwa From Where to Eternity. Christopher Moltisanti, mnyamata wa m'banja lao amene Tony adamlera ngati mwana wake, adaomberedwa, mtima wake nuima kanthaŵi, ndipo atatsitsimuka adanena kuti adaona Gehena. Dr. Melfi atafunsa Tony ngati iyenso amaopa Gehena, Tony adayankha kuti malo amenewo ndi a anthu onga Hitler ndi Pol Pot ndi ozunza ana. Iwowo ndi asilikali, ndipo asilikali amaphana okhaokha, aliyense akudziŵa malamulo a nkhondoyo. Adaonjeza kuti makolo ao ochokera ku Italy adadyeredwa masuku pamutu ndi eni chuma a ku America, amene nawonso anali mbala zovala bwino. Mfundo yachiŵiriyi ili ndi kachoonadi kake. Augustino Woyera, m'buku lachinai la Mzinda wa Mulungu, adasimba za wachifwamba wa pa nyanja amene adauza Aleksandro Wamkulu kuti kusiyana kwao ndi kukula kwa zombo chabe. Koma Augustino adasimba zimenezi pofuna kutsitsa mafumu osalungama, osati pofuna kukweza achifwamba. Mfundo ya usilikali ndiye imagwa yokha. David Scatino, mnzake wa ubwana amene Tony adamloŵetsa m'ngongole ya juga namdyera sitolo yonse mpaka ndalama za sukulu za mwana wake, sanali msilikali. Adriana La Cerva, bwenzi la Christopher, amene adamnamiza pa telefoni mu 2004 kuti akwere galimoto yomtengera ku nkhalango kukaphedwa, sanali msilikali. Ndipo m'chigawo chomwecho cha nkhani ya Gehena, Tony adaombera mnyamata wogwidwa kale, wosatha kudziteteza, akuitana mai wake, kenaka nkupita kukadya nyama yootcha.

Pano filosofi ingatithandize kuposa kungoŵerenga mitembo. Aristotle, m'buku lachisanu ndi chiŵiri la Ethika ya Nikomako, adasiyanitsa anthu aŵiri ochita zoipa. Woyamba ndi wofooka, amene matenda ake Agriki ankaŵatcha akrasia: amadziŵa chabwino, amachifuna, koma chilakolako chikamkoka amagwa, ndipo pambuyo pake amamva chisoni. Wachiŵiri ndi amene choipa chakhazikika mwa iye, wachisankha mwadala, ndipo samva chisoni; Aristotle adati woyamba angathe kuchira, wachiŵiri ai, poti kuipa kwake kwabisika kwa iye mwini. Tomasi Woyera wa ku Akwino adatenga kusiyanitsa kumeneku pophunzitsa za machimo ochokera ku umbuli, ku chilakolako, ndi ku kuipa kodziŵa, nati amene achimwa chifukwa cha chizoloŵezi chokhazikika ali m'gulu lachitatuli. Tsono amene amakangana za Tony kaŵirikaŵiri amakhala akunena za anthu aŵiri osiyana: wina akukumbukira Tony wa zaka zoyamba, wina Tony wa zaka zotsiriza. Seŵero lonse ndi ulendo wochoka kwa munthu woyamba wa Aristotle kupita kwa wachiŵiri.

Imfa ziŵiri zikutsimikiza zimenezi. Mu 2000 Tony adazindikira kuti bwenzi lake la pamtima, Salvatore Bonpensiero, akupereka zinsinsi ku boma. Adalimbana nacho choonadicho miyezi yambiri, adadwala, adalota maloto oopsa, ndipo atamupha pa nyanja nkhope ya mnzakeyo idamtsata zaka. Kupha kunali kupha ndithu, koma chikumbumtima chinali chikali ndi mano. Mu 2007 iye ndi Christopher adachita ngozi ya galimoto usiku. Christopher, wovulala kwambiri, adapempha chithandizo naulula kuti wabwereranso ku mankhwala ozunguza bongo. Tony adayamba kuimba telefoni yoitana chithandizo, naileka, namtsina mphuno mwana wake womlera mpaka adatsamwa ndi magazi ake omwe. Chimene chidatsatira si chisoni koma mpumulo. Adanyansidwa ndi kulira kwa anamfedwa, adapita ku Las Vegas, adagona ndi mkazi amene kale anali bwenzi la malemuyo, adapambana pa juga, naganiza kuti tsoka lake lidapita ndi wakufayo. Aristotle adanenanso, m'buku lachitatu, kuti munthu amene waponya mwala sangathe kuubweza, komabe kuuponya kunali m'manja mwake. Palibe tsiku limodzi limene Tony adadzuka nasankha kukhala wouma mtima. Adausankha uumawo pang'onopang'ono, nthaŵi iliyonse imene adamva kuluma kwa chikumbumtima nakuziziritsa ndi chakudya, moŵa, akazi kapena ndalama.

Nanga zaka zonse zija m'chipinda cha Dr. Melfi zidapindula chiyani? Apa mpamene tikufuna aseminale athu aŵerenge mofatsa, popeza masiku ano maphunziro a za maganizo ali ndi malo m'maseminale, ndipo nkoyenera kuti akhale nawo. Tony adaphunzira zambiri za iye mwini. Adadziŵa gwero la mantha ake, adatha kutchula dzina la chilonda chimene mai wake adamsiyira. Koma chilichonse chimene adaphunzira adachisandutsa chida: mau a dokotala ankapita nawo kukalamulira bwino anthu ake ndi kukagonjetsera mkazi wake pa mkangano. Potsiriza Dr. Melfi adaŵerenga kafukufuku wa Samuel Yochelson ndi Stanton Samenow, amene adayamba kusindikizidwa mu 1976, wonena kuti zigaŵenga zina zimangonolera luso lao lonyenga pa macheza otere, ndipo adamtsekera chitseko. Sitikunena kuti mankhwala a maganizo ngachabe. Dokotalayu adachita ntchito yake mokhulupirika, ndipo iye ndiye adaonetsa ungwiro woposa onse m'seŵeroli: atagwiriridwa ndi munthu amene apolisi adammasula chifukwa cha kulakwitsa kwao, ankadziŵa kuti liu limodzi kwa Tony likadakwanira kuti munthuyo aphedwe, koma adakana kulitchula. Chimene tikunena nchakuti kudzidziŵa ndi kulapa ndi zinthu ziŵiri. Msonkhano wa ku Trento mu 1551 udaphunzitsa kuti chisoni cha wolapa chili ndi mbali zitatu zosalekanitsika: kumva kuŵaŵa mumtima, kudana ndi tchimo lochitidwalo, ndi kutsimikiza kusachimwanso. Tony anali ndi kuŵaŵa kochuluka, koma kunali kudzimvera chisoni iye mwini. Sadadane nalo tchimo, ankangodana ndi kusoŵa tulo kumene tchimolo linkabweretsa.

M'Malembo Oyera, amene afanana naye kwambiri si Yudasi kapena Kaini, koma Herode Antipa. Marko Woyera akutiuza kuti Herode ankamuopa Yohane Mbatizi, ankadziŵa kuti ndi munthu wolungama, ankavutika mumtima akamumva, komabe ankakonda kumumvetsera. Kumvetserako kudakhala ngati chisangalatso china cha m'nyumba yachifumu, ndipo tsiku la phwando litafika, manyazi a pamaso pa alendo adalemera kuposa mutu wa mneneri. Tony nayenso adalandira Yohane wake kangapo. Chenjezo lalikulu lidadza mu 2006, pamene Junior, nzeru zitayamba kumthaŵa ndi ukalamba, adamuombera pamimba. Tony adagona chikomokere masiku angapo, akulota kuti ndi munthu wina wamalonda wosalakwa amene wataya zikalata zake ndipo sakudziŵa kuti iye ndani ndi kumene akupita. Atatsitsimuka adanena kuti tsiku lililonse ndi mphatso. Adayesadi kwa kanthaŵi: adaleka chigololo china chili pafupi kuchitika, adafeŵa pa zina. Koma posakhalitsa adayamba kudandaula kwa dokotala wake kuti mphatsoyo njotopetsa. Kutembenuka mtima kukadafuna kuti ataye nyumba, ulemu ndi mpando, mwinanso moyo. Iye ankafuna mtendere wa mumtima pamodzi ndi zonse zimene zinkamlanda mtenderewo, ndipo akulu adati mapanga aŵiri avumbwitsa.

Tisaiŵale Paulie Gualtieri, mmodzi mwa akuluakulu a gululo, amene adatipatsa phunziro la zaumulungu loseketsa ndi lomvetsa chisoni pamodzi. Iye adatsimikizira Christopher kuti chimene adaona si Gehena koma Purigatorio, nafotokoza masamu ake: machimo aakulu uchulukitse ndi 50, aang'ono ndi 25, uphatikize, ndipo iye adapeza kuti adzakhalako zaka ngati 6,000, zimene poyerekeza ndi muyaya si kanthu. Pambuyo pake adakakalipira wansembe wa parishi yake kuti zopereka zake za zaka zambiri sizidamteteze. Tingaseke, koma munthuyu katekisimu adaphunzira kwa ife. Adatolapo manambala ndi malonda, osamva kuti Purigatorio ndi ya anthu amene adafa ali pa ubwenzi ndi Mulungu, ndi kuti tchimo lalikulu losalapa siliŵerengedwa ndi zaka. Uku ndiko kuyembekeza kopanda maziko kumene akatswiri amakutcha praesumptio, kudalira chikhululukiro popanda kutembenuka.

Tsopano tifike pa mbali imene ikutikhudza ife ansembe koposa. Tony sadapite kukalapa, koma Carmela adapita, ndipo mayankho amene adalandira ndi oyenera kuŵakambirana m'kalasi la zaubusa. M'chigawo chachisanu, chotchedwa College, Tony waperekeza Meadow kukaona makoleji ku Maine, ndipo kumeneko wapotola khosi ndi chingwe munthu amene kale adaulula zinsinsi za gulu. Usiku wa ulendo womwewo Carmela ali kunyumba ndi Bambo Phil Intintola, wansembe wachinyamata wokonda zakudya za m'nyumbamo, vinyo wake ndi makanema ake. Carmela adalapa ndi misozi kuti wasankha moyo wofeŵa m'malo mwa chilungamo, ndi kuti walola choipa kuloŵa m'nyumba ya ana ake. Kunali kulapa koona, ndipo khomo linali lotsekuka. Bambo Phil adamlangiza kuti athandize mwamuna wake kusintha, adampatsa Ukaristia pomwepo, ndipo usikuwo udatsala pang'ono kuthera m'tchimo lina. Wansembe amene wazoloŵera tebulo la munthu, pakamwa pake pamalemera pofuna kunena za kumene kwachokera ndiwo.

Mu 2001 Carmela adakaonana ndi dokotala wokalamba wachiyuda, Dr. Krakower. Ameneyu sadazungulire. Adamuuza kuti atenge ana achoke, kuti asatenge ndalama za magazi, kuti mwamuna wake angapeze chipulumutso pokhapokha atadzipereka ku boma nakasinkhasinkha milandu yake m'ndende zaka zingapo. Adakana kulandira malipiro, namuuza kuti kuyambira tsikulo sangathenso kunena kuti sadauzidwe. Wakutsina khutu ndi mnansi. Carmela adabwerera kunyumba, nagona pa mpando wodzikuta bulangete, ndipo adadzuka Tony atavomera kupereka madola 50,000 ku yunivesite ya Columbia kumene Meadow ankaphunzira. Zigawo zingapo pambuyo pake adakalapa kwa wansembe wochokera ku Africa, Bambo Obosi, amene adamkumbutsa kuti ukwati sumasulidwa, namlangiza kuti aphunzire kudalira mbali yabwino yokha ya zimene mwamuna wake amapeza.

Tisafulumire kumnyoza Bambo Obosi. Mabuku akale a zamakhalidwe amasiyanitsadi pakati pa zofunika pa moyo, zimene mkazi ndi ana angalandire ngakhale chuma cha bambo chili chokayikitsa, ndi zamanyado, zimene sangazilandire popanda kugaŵana nawo mlandu. Malangizo ake anali ndi maziko, ndipo Carmela adavuladi mphete yake yamtengo wapatali kwa kanthaŵi. Koma m'chuma cha Tony mbali yabwino inali iti? Bizinesi yake yotaya zinyalala inali chophimba chabe. Ndiponso wansembeyu adasiya chinthu chimene malamulo a Eklezia amanena poyera: kanoni 1153 ya malamulo a mu 1983 imalola mkazi kapena mwamuna kupatukana ndi mnzake, chimango cha ukwati chili chikhalire, ngati mnzakeyo akuika pa ngozi yaikulu mzimu kapena thupi la iye kapena la ana. Malangizo a dokotala wachiyuda uja anali achikatolika kuposa a ansembe aŵiriwo. Carmela adapatukanadi ndi Tony mu 2002, koma chifukwa cha chigololo, osati chifukwa cha magazi; ndipo adabwererana mu 2004 Tony atalonjeza madola 600,000 ogulira malo omangapo nyumba yogulitsa, m'chigawo chomwecho chimene Adriana adaphedwa. Umbuli wake wa pambuyo pake unali uja Tomasi Woyera amautcha ignorantia affectata, kusafuna dala kudziŵa kuwopa kuti kudziŵako kungakulande zokoma.

Kuti wina asaganize kuti Eklezia ali ndi ansembe onga a m'seŵero okhaokha, tikumbuke zimene zidachitikadi ku Italy, kwao kwa Mafia. Pa 9 Meyi 1993, ku Agrigento pa chilumba cha Sicily, Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adaleka zolemba zake nadzudzula a Mafia ndi mau aukali, kuŵaitana kuti atembenuke chifukwa chiŵeruzo cha Mulungu chidzafika. Pa 15 Sepitembala chaka chomwecho, Bambo Pino Puglisi, bambo mfumu wa parishi ya ku Brancaccio mu mzinda wa Palermo, amene ankachotsa ana m'manja mwa zigaŵenga ndi kukana zopereka zao pa zikondwerero za parishi, adaomberedwa pa khomo la nyumba yake, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake. Adatchulidwa Wodala mu 2013. Mu Juni 2014, ku Calabria, Papa Fransisko adanena poyera kuti a Mafia sali pa umodzi ndi Mulungu, ngochotsedwa mu Eklezia.

Za ife oonera tinenepo mwachidule. Augustino, m'buku lachitatu la Maumboni ake, adadabwa kuti bwanji munthu amakonda kumva chisoni m'bwalo la maseŵero pa zinthu zimene sangafune kuti zimgwere, chisoni chosamtuma kukathandiza wina aliyense. Chase naye adadandaula kuti anthu amene adasangalala ndi Tony zaka zonsezo akuba ndi kupha, pa mapeto adafuna kuona magazi ake pa tebulo. Kukadakhala kudzisambitsa kotsika mtengo: kudya naye zaka zisanu ndi zitatu, kenaka nkuimirira m'gulu la oponya miyala. Mdima uja udatimana zimenezo.

Latsala funso lakuti adapita kuti. Inde Tony ndi munthu wopeka, alibe mzimu woti nkuŵeruzidwa. Koma anthu onga iye alipo, ndipo mayankho amene timapereka pa wopekayu ndi omwe tidzapereke pa enieniwo. Malinga ndi zonse zimene taonetsedwa, Tony adafika pa tebulo lija ali ndi machimo aakulu ambiri, odziŵa ndi ofuna, osalapa, osabweza kanthu kwa amene adaŵalanda, pamene Zakeyo chizindikiro chake choyamba cha kutembenuka chinali kubweza. Ngati belu lija linali lotsiriza, sadapatsidwe ngakhale maola amene chigaŵenga chopachikidwa pamodzi ndi Ambuye chidapatsidwa. Kunena kuti ali pa ngozi yoopsa ya chitayiko si nkhanza, ndi kuŵerenga bwino nkhani. Komabe pano mpamene Tomasi Woyera amasiyana ndi Aristotle. Mgriki uja adati wouma mtima sachira. Tomasi adaphunzitsa kuti munthu akali moyo, kufuna kwake kungathe kutembenuzidwa ndi chaulere cha Mulungu, ndipo palibe tchimo limene kulapa koona sikungalifafanize. Salvatore Grigoli, amene adaombera Bambo Puglisi ndipo adavomera kuti adaphanso anthu ena ambiri, adasimba pambuyo pake kuti wansembeyo adamwetulira pamene adaŵaona, nanena kuti ankaŵayembekeza. Kumwetulirako sikudamchoke m'maso, ndipo adaulula milandu yake. Eklezia, amene amatchula maina a oyera mtima, sadatchulepo mwa chiphunzitso chake dzina la munthu ndi mmodzi yemwe kuti ali ku Gehena. Zimene zingachitike pakati pa mzimu ndi Mlengi wake m'kamphindi kotsiriza, kamera siingazijambule.

Tiyerekeze tsono kuti mfuti idaliradi ku Holsten's, ndipo wansembe wa parishi yapafupi adaitanidwa. Akadagwada pansi pakati pa mbale zosweka, ndipo pokayika ngati munthuyo akali moyo, akadampatsa chikhululukiro ndi kumdzoza mafuta mwa njira ija yakuti "ngati uli moyo, ngati uli wokonzeka", osayamba wafunsa mbiri yake. M'maŵa mwake nkhani ikadakhala ina. Kanoni 1184 imati ochimwa odziŵika poyera, amene sadaonetse chizindikiro chilichonse cha kulapa asanafe, asachitiridwe maliro a Eklezia ngati malirowo angakhumudwitse Akhristu, ndipo pokayika afunsidwe Episkopi. Mu 2013 Episkopi wa ku Acireale ku Sicily adalamula kuti opezeka olakwa pa milandu ya Mafia amene sadalape asachitiridwe maliro a m'tchalitchi. Ndipo mu Ogasiti 2015 mzinda wa Roma udachita manyazi pamene mkulu wa banja la Casamonica adaperekezedwa ku tchalitchi la Don Bosco pa ngolo yokokedwa ndi akavalo, helikopita ikuwaza maluŵa, gulu la zitoliro likuimba nyimbo ya mu The Godfather. Wansembe wathu uja akadayenera kupita kwa Carmela, amene akadafuna Misa yaikulu ndi maluŵa odzaza tchalitchi monga adachitira anzake onse a Tony, kukamfotokozera chifukwa chake dzulo adadzoza mwamuna wake ndipo lero akuti ayambe wamva kwa Ambuye Episkopi.